Lenzi imene alamu anandibweretsera

Alamu anga, oyendetsa thiraki yodutsa pa malire a Mwami, anandibweretsera lenzi ya kampani ina, ati ikwana pa kamera yanga yatsopano ija yopanda kagalasi m'kati. Mphatso ya mlamu suiunika mwiniwake akuona, ndiye ndinangothokoza n'kuiika m'chikwama.

Ndinakaimanga pa kamera pojambula ukwati ku Kapata. Kukwana inakwanadi, koma m'zithunzi mkwatibwi ankatuluka ngati waima mu utsi. Nditaiyang'anitsa lenziyo padzuwa ndinaona kuti m'kati munali chuku changati cha nshawa zovumbwa, m'mphepete muli kamphemvu kouma. Zithunzi zonse zinawonongeka, ndipo mayi a mkwatibwi mpaka lero sandiyankha moni.

Koma alamu tikakumana amafunsa monyadira, "Lenzi ija ikugwira, alamu?"

Ine ndimangoti, "Kwambiri."