Chimene chinkadula mbande za apongozi anga

Ndinakwatiwa ndili wamng'ono, ndipo amuna anga ananditenga chitengwa kuchoka kwathu ku Nsaru kupita kwawo, kumudzi wina wa kufupi ndi Nambuma. Nkhondo yachiwiri ya azungu inali isanayambe. Titangokhala miyezi isanu, iwo ananyamuka wapansi kupita ku Halale kukafuna ntchito, n'kundisiya m'manja mwa amayi awo.

Apongozi angawo anali ndi dimba kudambo. Chaka chimenecho, titatha kukolola, analandira njere za kabichi ndi matimati kwa abambo a ku mishoni. Anazifesa okha, ndipo mbande zitakula anaziwokera m'mizere isanu. Ntchito yothirira anandipatsa ine. M'mawa uliwonse ndinkatsikira kudambo ndi mtsuko pamutu, mame akundinyowetsa mpaka m'mawondo.

Tsiku lachitatu ndinapeza mbande zinayi zitagona pansi. Masamba ake anali osadyedwa. Zinali zodulidwa patsinde, pomwe dothi lalekezera, ngati wina wadutsitsapo lumo. Ndinayang'ana phazi la mbuzi, la mbewa, ngakhale dzenje la nkhululu, koma panalibe kanthu. M'mawa mwake zinagona zisanu ndi ziwiri.

Apongozi atabwera kudzaona, anatola mbande imodzi n'kuitembenuzatembenuza m'manja.

"Mtengwa, kodi kudimba kuno kumafika ndani kupatula inu?"

"Palibe, amayi."

"Chirombo chimadula kuti chidye. Ichi chikungodula n'kusiya. Eti?"

Masiku omwewo mwana wa alamu anga, mchemwali wa amuna anga, anayamba kutentha thupi ndi kukana bere. Kuchitsime, amayi a m'mudzimo akandiona ndikubwera ankasiya nkhani. Alamu anga anasiya kundipatsa mwana kuti ndibereke. Tsiku lina ndikusinja kuseri kwa nkhokwe ndinawamva akuuza amayi awo kuti, "Munthu wakudza simumudziwa chimene anabwera nacho."

Ndinkadziwa kumene mawu otere amathera. Boma linali litaletsa mwavi woyesera mfiti, ndipo banja lathulo linkapemphera, koma kuthengo boma kunalibe. Ndili mtsikana ndinaonapo mayi wina wa kwathu akutengedwa kuti akamwe mwaviwo, atamangirira nsalu m'chiuno. Sanabwerenso. Tsopano ndinali ndekha pakati pa eni mudzi, amuna anga ali kutali, malume anga ali ulendo wa tsiku lathunthu. Ndikamva mwana uja akulira, ndinkawerenga korona pansipansi kuti asafe.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapeza theka la mzere wa kabichi litagwa. Ndinangokhala pansi pamatope. Ndinaganiza zothawira kwathu, koma kuthawa kukanakhala kuvomera. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinayamba kufukula dothi ndi zala pafupi ndi katsinde kodulidwa, mwina pofuna kuona ngati wina anakwirirapo mankhwala oti andinamizire. Chala changa chinagunda kanthu kofewa. Ndinakuwa n'kudumphira kumbuyo.

Inali mbozi yotuwa, yonenepa, yofanana ndi dothi lomwelo. Nditaikhudza ndi kamtengo inadzipinda ngati chibangili n'kukhala chete.

Kukuwa kwanga kunamveka kudimba loyandikana nalo, kumene bambo wina wachikulire ankakonza malo ofesapo fodya. Anabwera akuthamanga ndi khasu, poganiza kuti ndaona njoka. Atayang'ana anaseka pang'ono.

"Mwana wanga, kameneka ndi kamene kakukuliritsani? Ife a fodya timakadziwa bwino. Masana kamabisala m'dothi, dzuwa likalowa kamatuluka n'kudula mbande. Fukulani pamene pagwa mbande paliponse, mukapeza."

Tinafukula limodzi ndipo tinazipeza zambiri, n'kumaziponya m'chikho changa chothiririra mbande, mpaka pansi pake panaphimbika. Ine ndinagwada.

"Bambo, chonde, tipitire limodzi kwa apongozi anga. Ndikanena ndekha adzati ndazibweretsa ndine."

Kuseka kunamuthera. Kenaka anatula khasu n'kutsogola.

Titafika kumudzi, apongozi sanafune kuyang'ana m'chikhomo. Anati akufuna kufukula okha. Tinatsikanso kudambo tonse, alamu anga akutsatira ndi mwana kumsana. Apongozi anasankha okha mbande yakugwa, kumapeto kwa mzere kumene ine sindinafike, n'kupisa chala. Atakweza dzanja, mbozi inali itadzipinda pachikhatho pawo.

"Ndiye tichite bwanji?" anafunsa, akuyang'ana bambo uja, osati ine.

Iye anatilangiza kuti tizule udzu wonse wozungulira dimba, chifukwa ndi mmene zimaswana. Anatiuza kuti tizithira phulusa mozungulira tsinde lililonse, ndiponso tiviike zinyenyeswa za fodya m'madzi n'kuthirira m'mizere. Anationetsanso kung'amba bango n'kulizika molimbitsa mbali zonse za tsinde kuti mbozi ilephere kulikulunga. Koma chachikulu, anati, ndi chala: kufukula m'mawa uliwonse n'kuzipha. Ndinachita zimenezo sabata zitatu, zikhadabo zanga mpaka kutha. Mbande zinasiya kugwa, ndipo mizere itatu inapulumuka.

Mantha anga sanathere pomwepo, poti mwana anali akadwalabe. Ndinkadziwa kuti akamwalira, mbozi zija anthu adzaziiwala. Alamu anga anapita naye kwa masisitere ku mishoni, anakhalako masiku anayi, ndipo masiku anayi amenewo ine ndinali nditamanga kale kamtolo ka nsalu zanga n'kukabisa pansi pa mphasa. Anabwera mwana akuyamwa.

Palibe amene anandipepesa. Amuna anga anabwerera patapita zaka ziwiri, atandigulira bulangete lofiira, ndipo nkhaniyi ndinawauza amayi awo atamwalira kale.