Galimoto Yofooka pa Tsiku la Mpikisano

Ndinafika ku Tete kuchokera ku Angónia nthawi imene malasha a ku Moatize anali atazunguza anthu mitu. Aliyense wodziwa kugwira chiwongolero ankapeza ntchito asanatsitse n'chikwama chomwe. Ine ndinalembedwa ndi bambo wina wa ku Mpadue amene anali ndi makamiyau, malole onyamula katundu wa ku migodi.

Banjalo linkadziwika ndi chinanso: mipikisano ya galimoto m'misewu ya fumbi. Abwanawo anathamangapo paunyamata wawo, mpaka ngozi inawasiya akutsimphina. Mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, ndiye anali mekaniku wamkulu pa ofisina yokonzera galimoto kuseri kwa nyumba. Ndiye panali mwana wawo mmodzi yekhayo, mnyamata woonda, wosakonda kulankhula, amene anali atangopatsidwa galimoto yakale ya bambo ake kuti ayambe nayenso.

Tsiku lina ndikutsika m'kamiyau, abwana anandiitana.

"Akuti iwe susochera ndipo suchita mantha. Uzikhala pambali pa mwanangayu, uzimuuza zimene zili kutsogolo, khota, dzenje, mlatho. Mukabwerako uzindifotokozera mmene wayendetsera."

Mawu otsirizawo anawanena mnyamatayo ali pomwepo, akupukuta manja ndi kansanza. Anandiyang'ana kamodzi, n'kuyang'ana kumbali. Kuyambira tsikulo ndinali kazitape m'maso mwake.

Tinkayeserera m'mawa, tsidya la Zambezi, m'tinjira ta kuseri kwa Matundo momwe munali miyala, milambe ndi mbuzi basi. Mwanayo ankadziwa kuyendetsa. Ankalowa m'khota cham'mbali, fumbi n'kutseka dzuwa, ine mano ali gwa, iye nkhope ili phee ngati wakhala m'tchalitchi. Koma tikaima, funso lake linali limodzi.

"Achimwene, lero mukawauza chiyani?"

"Zimene ndaona."

"Mwaona chiyani?"

Ndikati wayendetsa bwino, ankaseka pang'ono ngati munthu amene wagwira wabodza.

Mpikisano woyamba unatidabwitsa. Galimoto imene dzulo lake inkauluka inali yolemera ngati yakoka ngolo. M'makhota tinkachita bwino, koma pamsewu woongoka injini inkangolira osapita patsogolo. Tinakhala omalizira enieni. Abwana sanakalipe. Ananditengera pambali n'kufunsa motsitsa mawu, "Kodi amachotsa phazi? Undiuze zoona, amaopa?"

Ndinati ayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti akuganiza zoti mwana wawo wandinyengerera kuti ndimubisire.

Amalume a mnyamatayo, mekaniku uja, anatsegula injini, anamvetsera, n'kunena kuti ilibe vuto. M'mawa mwake inathamangadi bwinobwino.

Mpikisano wachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi. Apa pakhomo panazizira. Mnyamata ankaganiza kuti bambo ake akufuna alephere kuti akakhale mu ofesi ya makamiyau, popeza ntchito inali itachuluka, ndipo ankati ine ndikudziwapo kanthu. Abwana ankakayikira mtima wa mwana wawo. Anyamata a pa ofisina ankanong'ona za mankhwala, ati wina wathira kanthu pamatayala. Ine maso anga anali pa amalumewo. Ndinali nditaona kuti tsiku loti mawa mpikisano ankathamangitsa aliyense, n'kutsala okha ndi galimoto, ati safuna phokoso. Koma chifukwa chake sindinkachipeza. Mwanayo anamulera ndi iwowo, ndi iwonso anamuphunzitsa kugwira sipanala.

Mayi ake a mnyamatayo sankafika ku mipikisano. Anali ndi kasitolo ka nsalu kudera la Josina Machel, ndipo tikamanyamuka ankangoima pakhonde, manja atapinda pachifuwa. Ine ankandipatsa moni mwaulemu, nthawi zina n'kunditumizira madzi ozizira.

M'mawa wa mpikisano wachitatu, tikuwoloka mlatho pakati pa mashapa, maminibasi odzaza anthu opita ku ntchito, ndinalankhula.

"Tisanapite koyambira, tipatukire ku Matundo. Kuli mekaniku wina wa ku Malawi, mnzanga. Aione."

"Wakutumani ndani?"

"Palibe."

"Mwina mukufuna akaimalize kuiononga."

"Mukaime pomwepo, muziona manja ake."

Titafika kutsidya anakhotera ku Matundo. Mnzangayo anayang'ana injini osapeza kanthu. Atatero anagwada pakhomo la woyendetsa, n'kulowetsa mutu pansi pa chiwongolero. Anatiitana. Kuseri kwa chopondera moto kunali kachitsulo komangidwa bwino ndi bawuti, kopakidwa utoto wakuda. Ukaponda, chopondera chinkaima pa kachitsuloko chisanafike pansi, phazi n'kumamva ngati lafika.

"Iyi si ngozi," anatero mnzangayo. "Wachita izi ndi mmisiri, ndipo anadekha."

Mnyamatayo anakatenga, anakatembenuza m'manja, n'kukaika m'thumba. Sanatchule dzina la munthu. Anangondifunsa, maso ali pa ine, "Munadziwa bwanji?"

"Sindinadziwe. Ndimangokayikira."

Sindikhulupirira kuti anandimvetsa.

Tsiku limenelo tinathamanga moti mpaka lero sindiiwala. Pena tinadumpha kamtsinje kouma, galimoto n'kutera ndi matayala awiri, ndipo ndinaiwala kuwerenga khota lotsatira. Iye analilowa yekha. Tinakhala achiwiri. Abwana anataya ndodo yawo n'kukumbatira mwana wawo, fumbi lili thoo. Amalume anabwera pang'onopang'ono, anagwira mphwawo dzanja, kenako anatsegula chitseko n'kusuzumira pansi pa chiwongolero. Ataweramuka anayang'ana ine, osati iye.

Titafika ku Mpadue madzulo, anthu anali atadzaza pabwalo. Mayi aja anatuluka, anagwira mwana wawo kumaso ndi manja onse awiri, anamuyang'ana m'khosi ndi m'mapewa ngati akufuna bala. Atatero anabwera pamene ndinaima.

"Ndamva kuti lero yathamanga kwambiri."

"Eya, mayi."

"Inu muli ndi ana?"

"Mmodzi, wamkazi. Ali kumudzi."

Anagwedeza mutu n'kulowa m'nyumba. Mlongo wawo, amalume aja, anawatsatira, chitseko n'kutsekedwa. Apo m'pamene ndinayamba kuona chifukwa chimene ndinkachisowa chija.

Sabata isanathe ndinabwezedwa ku makamiyau. Abwana anati mpando wa pambali pa mwana wawo ukufunika munthu wophunzira ntchitoyo, wochokera ku Maputo, koma polankhula ankayang'ana pansi. Sindinadziwe ngati anauzidwa za kachitsulo kaja, kapena ngati ankadziwa kale. Mwinanso amene anapempha kuti ndichoke ndi mnyamata yemweyo, pofuna munthu amene sanasankhidwe ndi bambo ake. Palibe anandiuza, inenso sindinafunse.

Chaka chotsatira mnyamatayo anasamukira kummwera, komwe mipikisano inali yambiri, ndipo galimoto yake ankakonzetsa kwa anthu achilendo. Ndinakumana naye kamodzi pothira mafuta ku Moatize, atanenepako, ali ndi chipsera pachibwano. Anandipatsa moni ndi manja awiri, anafunsa za mwana wanga. Tinacheza za kutentha ndi za msewu umene makamiyau anali ataukumba. Wothira mafuta atamaliza, mnyamatayo anazungulira galimoto yake, anagwada n'kuyang'ana tayala lililonse, kenako ananyamuka.