Mkamwini wanga ndi munda wa anthu osaoneka

Mwana wanga wotsiriza anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Vubwi, wamtali ngati mtengo wa papaya, mthunzi wake womwewonso wosakwana nkhuku. Anabwera chikamwini pamudzi pathu kuseri kwa Sinda, ndinampatsa pomanga nyumba ndi ndime yake m'munda mwanga. Zitatha zaka zitatu anatuma ankhoswe ake kudzapempha chitengwa, kuti atenge mkazi wake akakhale naye kwawo. Alongo anga, amene ndi eni mbumba, anati adzayankha tikakumba nsawa, ayambe aona kagwiridwe ka ntchito ka munthuyo. Ine sindinafune n'komwe kuti mwanayo achoke. Ana anga ena onse ali ku Lusaka, wotsala pafupi nane anali yekhayo. Koma sindinade nkhawa, pakuti ntchito ya mkamwini wanga ndinkaidziwa.

Akaweruka kusukulu ankakhala pansi pa mtengo wa mango, pamene netiweki imagwira, laputopu pamaondo, zala zili jompho jompho ngati nkhuku pamphasa ya mapira. Ine ndi mpongozi sitiyang'anana m'maso, ndiye ndinafunsa mwana wanga kuti kodi bambo wa kwanuyu amalima chiyani pamenepo. Anandiuza kuti kuli pulogalamu ya m'foni yophunzitsira ana kuwerenga, yopanda mwini mmodzi, aliyense amaitenga ulere ndipo wofuna kuikonza amaikonza. Vuto lake, batire likatha inkaiwala pamene mwana walekeza, ana a kusukulu kwake n'kumayambiranso poyamba. Ndicho chimene mwamuna wake ankakonza.

Ndinafunsa amene anamutuma. Akuti palibe. Ndinafunsa ngati anthu amene amakonza nawo pulogalamuyo amawadziwa. Akuti sanawaonepo, ali maiko akutali. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ife pa dima timalima kwa mnzathu, inde, koma mwini munda timamudziwa, thobwa timamwa, ndipo mawa iyenso abwera kwathu ndi khasu lake. Uyu ankalima kwa anthu amene ngakhale maliro ake sadzawamva.

Ndipo kumeneko sankamulola kukhudza munda weniweniwo ayi. Amayamba wakopera zonse mu laputopu yake, n'kumagwira ntchito pambali, pamene iwo amati pa nthambi yake. Kalikonse kamene wasintha amakamanga padera, n'kulembapo dzina lake, tsiku, ndi chifukwa chimene wasinthira. Mwamuna wamkulu, wa ndevu, kulemba dzina pamzere uliwonse umene waunga, kuopa kuti angamuiwale. Akamaliza amatumiza pempho kwa oyang'anira kuti aone ntchitoyo, akaikonda aiphatikize ku pulogalamu yeniyeni ija.

Anamubweza katatu. Koyamba anati mtolo wakula, aumasule amange timitolo ting'onoting'ono toti munthu atha kuona m'kati. Kachiwiri anati sanayese ngati zikugwira pa mafoni akale. Kachitatu sindikumbuka, kanali kanthu kochepa ngati kachitsotso. Ndipo nthawi zonse iye ankayankha kuti zikomo, ndikonza. Munthu yemweyo, tsiku lina nditatuma mkazi wake kukamuuza kuti mizere yake yakhota ngati njira ya woledzera, anatupa masiku awiri osadya ndiwo za kwanga.

Ndiye inafika sabata yokumba nsawa. Nthaka inali itayamba kuuma, chiswe chitayamba kulowa m'makoko. Sukulu anali atatsekera, ndipo mmawa wa tsiku loyamba mkamwini anabweradi ndi khasu, anakumba mizere ingapo. Masana mwana wanga anabwera yekha, nkhope ili gwa. Akuti masabata onse aja mwamuna wake ankagwira ntchito pa zimene anakopera kalekale, osapita kukatenga zatsopano. Pamenepo munthu wina, kaya wa dziko liti, anali atasintha malo omwewo amene iye ankakonza. Makina anakana kuphatikiza ziwirizo. Tsopano anayenera kukhala pansi, kuyang'ana mzere ndi mzere, kusankha kuti apa pakhale zake, apa za mnzakeyo, osaononga za mwini.

Nanga si ndi zimene mwana aliyense wa m'mudzi amadziwa? Usanagwetse khasu m'malire, umayamba wayenda kukaona pamene mnzako wafika. Mphunzitsi wathunthu, wa mapepala, sanadziwe zimenezo. Anakhala pansi pa mango paja masiku awiri, ife tikukumba awiriwiri, dothi likulowa m'zikhadabo. Msana unkandiwawa koma mumtima ndinkavina. Ndinati mlandu uwu wadziweruza wokha.

Alongo anga anabwera panjinga kuchokera ku Katete Loweruka lotsatira. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wokhulupirira chilichonse cholembedwa. Tinakhala pakhonde, ankhoswe a mkamwini ali apo, iye atakhala pansi chapatali, chammbali, monga mwa ulemu. Ndinafotokoza zonse, osasiya ngakhale chiswe. Mkamwini sanakane. Anavomera kuti masiku awiri aja analakwa, ndipo anapempha kuti amalume aone chimene chinamugwira.

Mwana wanga ndiye ananyamula laputopu kupita nayo kwa amalume ake, n'kumawawerengera. Zonse zinalimo, kuyambira tsiku loyamba: chimene anasintha, mawu amene anamubwezera, mmene anayankhira, pamene anakangana malire ndi mnzake uja ndi mmene anamusiyira zake, mpaka mawu otsiriza a woyang'anira akuti talandira. Alongo anga anavala magalasi, anamvetsera nthawi yaitali, akugwedeza mutu ngati ali pa ulaliki.

"Mlongo wanga," anatero, "munthu wobwezedwa katatu osatukwana, amene sabisa pamene analakwa, ameneyo mbumba yanga akaisunga."

"Achimwene, nsawa zanga sizinalembedwe m'menemo," ndinatero.

"N'chifukwa chake athothola zonse yekha, azilowetse m'chikwa, ndipo adzabwera kudzakuungirani mizere chaka chino. Akatero apite."

Ankhoswe anaomba m'manja. Mwana wanga anayang'ana pansi, koma ndinaona kukamwa kwake kukumwetulira, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mawu a alongo anga. Zaka zonse ndakhala ndikulima munda umenewo, palibe anandifunsapo tsiku limene ndinaunga mzere uti. Uyu anangoonetsa mndandanda wa zimene anachitira alendo, basi, mwana wanga wapita.

Nsawa anathotholadi, masiku asanu, zala zake zofewa zija zinachita matuza, ndipo sindinamutumizire ngakhale mafuta. Ananyamuka mwezi wa dzuwa pa galimoto yobwereka. Mwana wanga anakwera kumbuyo pamodzi ndi mapoto, matiresi ndi mbuzi imene ndinampatsa, mwana wake ali kumsana, fumbi likumuyembekezera njira yonse ya ku Vubwi. Kutsogolo, pampando wofewa pafupi ndi dalaivala, kunakhala mkamwini wanga, atafukata laputopu yokulungidwa m'chitenje chatsopano cha mkazi wake, kuti isagwedezeke.