Nkhungu Sanabwerere Wapansi Kuchokera ku Harare

Kwa Msakambewa kuli nkhani imene mpaka lero ena amaifotokoza molakwika, ndipo popeza mwini wake ndine, ndaona kuti ndi bwino ndiiwongole mphamvu zikadalipo. Amati ndili mwana ndinapita ku Harare ndi mphaka wanga Nkhungu, ndipo nditatengeka ndi magetsi a m'tauni ndinaleka kumusamala. Amati iye anandithawa, nayenda wapansi, nawoloka Zambezi, mpaka anafika pakhonde pa agogo anga mapazi atatupa. Nkhaniyi ndi yokoma kumva, koma ndi yabodza, ndipo inandipweteka kwa zaka zambiri.

Ndikukumbukira bwino chaka chimene a mishoni anatuma bambo, amene anali mphunzitsi ndiponso mlaliki, kuti akatumikire anthu akwathu ogwira ntchito ku Rodeshiya. Tinkakhala kwawo kwa mayi, monga mwa mwambo wathu. Agogo aamuna, bambo a mayi anga, anavomera movutikira kuti mwana wawo achoke pamudzi, pakuti ambiri opita kumeneko ankasanduka matchona. Agogowo ndi amene anandipatsa Nkhungu ali kamwana, kotuwa ngati phiri la Ntchisi m'mawa wa m'nyengo yozizira. Ubweya wake unkanunkhira utsi ndi fodya, chifukwa ankakonda kugona m'chigafa. Nditamva za ulendowo ndinanena poyera kuti popanda iye sindipita.

Amalume analangiza kuti timubise mumtanga wa ufa. Bambo anakana, nati mlaliki sangayambe utumiki ndi kuzembetsa katundu. Motero tinalawirira ku boma la Dowa, mame akutinyowetsa mpaka m'mawondo, mphaka ali m'manja mwanga. Kalaliki wa pamenepo atamva pempho lathu anaika pansi cholembera, namuyang'ana Nkhungu kwa nthawi, nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mlendoyu wakhoma kale msonkho?" Amesinjala anaseka mpaka kugwira chipupa. Bambo sanaseke. Kalalikiyo anatiuza kuti tidikire tsiku limene adzafike mzungu woyang'anira ziweto, amene ankayendera madibi a ng'ombe.

Mzunguyo anamutsegula Nkhungu kukamwa, namuyang'ana m'maso ndi m'makutu, natchula zofunika. Mphaka anayenera kutsekeredwa kwa milungu ingapo kutali ndi agalu, kuopa chiwewe, kenako n'kumuonanso asanamupatse chiphaso cha chidindo. Paulendo anayenera kukhala m'bokosi la matabwa lokhala ndi waya kutsogolo, kuti apamalire azimuona osatsegula. Thumba analikaniratu.

Apa ndi pamene panabuka mkangano. Kwathu mphaka posamuka ankamuika m'thumba, pakuti aliyense ankadziwa kuti mphaka woona njira amabwerera kumene wachokera. Akuluakulu anati lamulo la boma ndi la anthu osadziwa amphaka. Agogo okha ndiwo sanatsutse. Anakhoma okha bokosilo ndi matabwa a mkungudza otsala pa chitseko cha tchalitchi, ndipo zenera la wayalo analikulitsa kuposa mmene mzungu ananenera. Pondipatsa anati, "Umusamale, Yonasi. Ukamusamala iyeyu, ndidziwa kuti mayi akonso ukuwasamala." Ndinalonjeza nditagwada.

Tinatsika kudzera ku Chezi mpaka ku Salima, kumene tinakwera sitima. Nkhungu analira mpaka mawu anasasa, kenako anazolowera, n'kumayang'ana panja ngati bwana. Pamalire aliwonse bambo ankatulutsa chiphaso chake pamodzi ndi zathu, ndipo msilikali wina wachipwitikizi anachiwerenga chozondoka, nachitira mphakayo sawasha. Ku Harare Nkhungu anakhala nafe m'kanyumba ka kuseri kwa tchalitchi. Ndinkamupatulira matemba a pambale panga, ngakhale pamene ndiwo zinali zoperewera. Anakalamba, mano anagweruka, ndipo anafera pamiyendo panga. Ndinamukwirira ndekha patsinde pa mtengo wa mapichesi.

Nditabwerera kuno kudzaphunzira ku sekondale, ndinapeza agogo atamwalira kale, ndipo nkhani ija itamera mizu. Amati miyezi ingapo titachoka, mphaka wotuwa anapezeka m'mawa atakhala pakhonde pa agogo, wowonda ndi wafumbi. Anthu a pamudzi ndinawafotokozera kutalika kwa ulendowo, kukula kwa Zambezi, ndi manda a patsinde pa mapichesi. Ndinawaonetsa ngakhale chiphaso chija. Anandiyankha kuti pepalalo likuchitira umboni kupita kokha, osati kukhalitsa, ndipo anayamba kunditcha mzungu wa mapu. Chimene chinkandisowetsa mtendere sichinali kusekedwa ayi. Chinali chakuti agogo anapita kumanda akuganiza kuti ndinaswa lonjezo langa.

Masiku ano mdzukulu wanga anasamukira kunja ndi mphaka wake pandege, atamubaya majekeseni ndi kumuika kachizindikiro pansi pa khungu, ndipo anatitumizira zithunzi tsiku lomwelo. Kalelo munthu akapita, otsala ankakhala ndi mphekesera zokha.

Choonadi chinatuluka ndili kale bambo wa ana, tsiku lina tikusankha fodya m'chigafa kwathu. Msuweni wanga Lameki anayamba kufotokozera ana nkhani ija, nawonjezera kuti mphakayo anawoloka Zambezi atakwera pamsana pa mvuu. Ine ndinaimirira kuti nditsutse monga mwa nthawi zonse. Koma mayi aang'ono a Nabanda, mng'ono wa mayi anga, amene pa nthawiyo anali okalamba ndithu, anandikodola kuti ndikhale pansi.

"Lameki, usiye mwana wa akulu anga," anatero. "Mphaka uja ndinabwera naye ndine, m'thumba, kuchokera ku Nachisaka. Anali mbale wake wa Nkhungu, mimba imodzi."

Anafotokoza kuti ife titachoka agogo analeka kudya, namangokhala pakhonde kuyang'ana njira ya ku Chezi. A Nabanda poona kuti bambo awo akutha, anapempha mphakayo, namupaka fumbi, namusiya pakhondepo kusanache. Agogo atamuona anaitanitsa phala, nati ngati mphaka wadziwa njira yobwerera, mwana wawo sangatchone. Agogo atamwalira nkhaniyo inali itakula kale kuposa mwini wake, ndipo a Nabanda anachita manyazi kuibweza.

Ndinali nditakonzekera kwa zaka zambiri mawu amene ndidzanene pa tsiku limeneli, ena a iwo achingerezi. Koma ndinangofunsa ngati agogo anandikwiyira poganiza kuti mphakayo anathawa nkhanza zanga.

A Nabanda anapukusa mutu, naseka pang'ono, manja akuwongolabe tsamba la fodya.

"Kukwiya? Zothawazo anayambitsa ndi anthu bambo atamwalira. Iwo ankauza aliyense wobwera kudzawazonda kuti, 'Taonani Yonasi, wamva kuti ndili ndekha, wanditumizira mphaka wake.'"