Sukulu ya Amayi Pakati pa Mathandala a Usipa

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu yathu inasamukira pakati pa mathandala oyanikira usipa ku Lungwena. Ndinali mtsikana wa Sitandade 4 pa boma la Mangochi, ndipo bambo anali kalaliki mu ofesi ina kumeneko. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi popanda kuonetsa khadi la chipanicho. Mpingo wa makolo anga sunkalola kugula khadilo, choncho boma linauletsa. Mavuto anagwa motsatizana ngati mango pa mphepo. Bambo anachotsedwa ntchito, ine ndi achimwene anga Yohane tinauzidwa kuti tisapondenso pasukulu, kenako m'mawa wina bambo anakwezedwa galimoto, ife osauzidwa kumene akupita nawo.

Amayi anatitenga tonse atatu, Yohane, ine Tiyamike ndi mng'ono wanga Rute amene anali asanayambe sukulu, n'kupita nafe ku Lungwena kumene kunalibe wotidziwa. Anatilandira ndi Abiti Saidi, mayi wachisilamu wochita geni ya nsomba, wamtali, wa mawu aakulu, wolankhula Chichewa chokokera ku Chiyao. Anatipatsa kanyumba kuseri kwa nyumba yawo, ndipo amayi ankawagwirira ntchito yoyanika usipa ndi kuwamba nsomba. Sanatifunse zambiri. Amayi atayamba kufotokoza za mpingo wathu, iwo anawadula pakamwa.

"Amake Yohane, za Mulungu wanu n'zanu. Changa ine n'choti usipa usawole."

Sukulu inkayamba dzuwa litakwera, tikamaliza kumwaza usipa pa mathandala. Tinkakhala pamchenga, mumthunzi wopyapyala wa pansi pa thandala, mamba ndi timadzi ta nsomba zikutidonthera m'mutu. Amayi sanapite patali ndi sukulu, koma ankatiphunzitsa masamu ndi kuwerenga molimba mtima ngati ahedi, uku akugenda akhwangwala. Phunziro lalikulu linali la Malemba. Tinali ndi Baibulo limodzi lokha, la bambo, lopanda chikuto, ndipo linkagona pakati pa thumba la makaka. Likatuluka linkanunkha chinangwa chouma. Amayi ankadziwa kuti tsiku lina lidzalandidwa, ndiye anatsimikiza kulisamutsira m'mitu mwathu nthawi isanathe.

Anatisokera makope a mapepala a matumba a simenti, omangidwa ndi ulusi wa ukonde wakutha. Pensulo imodzi anaidula pakati, ine theka, Yohane theka. Lamulo linali loti tsiku lililonse tizikopera ndime imodzi pamwamba pa tsamba, ndipo m'munsi mwake tizilemba zimene zachitika tsikulo. Ankati ndime yolembedwa payokha imasungulumwa, imathawa. Loweruka likafika, makope ankatsekedwa ndipo aliyense ankaimirira kunena pamtima ndime za sabata yonse.

Loweruka linali tsiku langa lowawa. Yohane anali ndi mutu wonga ulimbo, chimene waona chakakamira. Ankanena ndime zake manja ali kumbuyo, maso kumwamba, osapunthwa. Ine ndinkayamba bwino, koma pofika pakati mawu ankandipulumuka ngati mlamba m'manja. Amayi sankandimenya. Ankangokhala chete kundiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandimenya, chifukwa m'maso mwawo ndinkaona munthu amene akuthira madzi m'chidebe chobooka. Ndinkadzuka m'mawa n'kumabwereza ndime popita kukatunga madzi, koma pobwerera zinali zitatayika panjira.

Mbali ya m'munsi mwa tsamba ndi imene ndinkaikonda. Yohane ankalemba zofanana tsiku ndi tsiku: kwacha bwino, tayanika usipa, tadya. Ine ndinkadzaza tsamba mpaka m'mphepete. Ndinalemba za mbuzi ya Abiti Saidi imene inadya sopo n'kumayenda thovu lili kukamwa ngati yagwidwa ndi mizimu. Ndinalemba za Rute atadziika njere ya chimanga m'mphuno, mudzi wonse n'kumupemerera fodya kuti ayetsemule. Ndinalemba za khwangwala wa mwendo umodzi amene ankadikira kuti amayi atsinzine popemphera ndiye n'kutera pa thandala. Amayi ankawerenga makope athu masana alionse, ndipo nthawi zina ndinkaona milomo yawo ikulimbana ndi kuseka.

Koma mantha sankachoka pakhomo. Belu la njinga likalira kumsewu, amayi ankasiya mawu pakati, khutu lili kumeneko, poopa kuti ndi achipani. Nyimbo za chipani zikamveka kuchokera kumsika, Baibulo linkabwerera m'makaka, makope pansi pa mphasa, ife n'kuyamba kutembenuza usipa umene tinali titautembenuza kale. M'mawa ndinkaona atsikana a msinkhu wanga akudutsa atavala yunifolomu, mabuku ali pamutu, ndipo ndinkabisala kuseri kwa thandala kuti asandifunse.

Tsiku lina ndime inali yolimbikitsa munthu kuti asaope. Nditaikopera, ndinalemba m'munsi mwake kuti ine ndimaopa tsiku lililonse, ndipo ndikanakonda titangogula khadi kuti ndibwerere kusukulu ndiponso bambo abwere. Ndinapereka kopelo kwa amayi. Amayi anawerenga nthawi yaitali kuposa kutalika kwa mawuwo. Anapempha pensulo yanga, analemba kanthu, n'kubwerera ku nsomba zawo. Nditatsegula ndinapeza mawu atatu okha m'malembo awo opendekera: "Inenso ndimaopa, mwanawe." Sitinakambiranepo za tsamba limenelo mpaka iwo kumwalira, koma kuyambira pamenepo kukhala chete kwawo kwa Loweruka sikunkandilasa ngati kale.

Tsiku tinkaliopalo linafika masana, nyengo yotentha ya mvula isanagwe. Abiti Saidi anatulukira kuchokera kumsika akuyenda mothamanga, mpango utatsetsereka m'mutu. Anati achinyamata achipani akuyenda nyumba ndi nyumba, ndipo wina watchula za mayi wachilendo amene ana ake sapita kusukulu. Amayi sanazengereze. Anasolola makope athu pansi pa mphasa n'kulunjika ku uvuni wowambira nsomba. Ndinawagwira chitenje ndikulira.

"Tiyamike, ndisiye," anatero motsitsa mawu. "Baibulo akalipeza ndinena kuti n'la bambo ako. Awa akusonyeza kuti ndikukuphunzitsani. Akanditenga ine, mutsala ndi yani?"

Pepala la simenti silipsa msanga. Ndinaona kope langa likupindika pang'onopang'ono pansi pa akampango, tsamba ndi tsamba, utsi wake ukusakanikirana ndi wa nsomba. Abiti Saidi anatikoka ife ana kukatikhazika pakhonde pawo pakati pa zidzukulu zawo. Tili pamenepo tinamva miphika ikugubuduzika m'kanyumba kathu, kenako makaka akukhuthulidwa pansi, kenako kukuwa kwa munthu amene wapeza chimene amafuna. Mmodzi anatuluka atanyamula Baibulo la bambo ndi zala ziwiri. Wina anawomba amayi khofi. Asanabwereze, Abiti Saidi anaima pakati pawo n'kumutchula mnyamatayo dzina lake, la mayi ake ndi la agogo ake, n'kumufunsa ngati pakhomo pawo pasanduka bwalo lomenyera akazi. Anyamatawo anachoka akung'ung'udza, koma anasiya mawu akuti sabata ikamatha tisapezeke m'mudzimo.

Tinanyamuka m'mawa mwake. Abiti Saidi anatimangira usipa ndi makaka omwe aja, atawatola pansi ndi kuwapeta. Ulendo wa kumalire a Mozambiki sindiukumbukira bwino, koma mapazi anga amaukumbukira. Tinakwera phiri la Chowe dzuwa likuswa mtengo, Rute ali kumbuyo kwa amayi, tikupatukira m'tchire tikamva galimoto. Titadutsa Namwera, Yohane anayamba kunjenjemera ndi malungo. Pafupi ndi Chiponde tinasiya msewu n'kutsata kanjira ka m'minda, ndipo mayi wina amene ankasosa m'munda mwake ndi amene anatiuza kuti tafika kale ku Mozambiki. Ine ndinkayembekezera mpanda kapena mtsinje, koma dothi linali lomwelo.

Kumeneko tinapeza anthu ambiri a mpingo wathu atamanga misasa ya udzu. Ena anali ndi mabala, ena ankafunsa aliyense wofika ngati waona abale awo. Tsiku lopemphera tinasonkhana pansi pa mtengo wa msuku, ndipo zinadziwika kuti pagulu lonselo panalibe amene anapulumutsa Baibulo. Bambo wina wachikulire, a Mbewe, ananena ndime zimene ankazikumbukira, ena anawonjezera zawo, koma zinali zomwe zija zodziwika ndi aliyense, ndipo posakhalitsa zinatha. Pamenepo amayi anakweza dzanja n'kunena kuti ana awo aloweza zambiri. Ndinayang'ana kwa Yohane. Anali atagona pachiguduli, mano akugundana. Maso onse anatembenukira kwa ine.

Ndinaimirira. Ndinatsegula pakamwa, koma m'mutu munali mbee ngati thandala losesedwa. Ndinkamva ntchentche, mwana akuyamwa, munthu akukhosomola kumbuyo. Ndinaganiza za miyezi yonse ija, za kope lopsa, za khofi amene amayi anawombedwa, ndipo ndinaona kuti zonsezo zithera mwa ine, chidebe chobooka. Misozi itayamba kulengeza, amayi analankhula ali chikhalire, ndi mawu wamba ngati akundifunsa kumene ndaika chipande.

"Tsiku limene mbuzi inadya sopo, pamwamba panali chiyani?"

Anthu anaseka pang'ono, osadziwa chimene chikunenedwa. Koma ine ndinaiona mbuziyo, thovu lili kukamwa, ndipo pamwamba pake ndinaona malembo anga okhota. Inali ndime yonena za munthu wowoloka madzi akuya osamira. Inatuluka yonse osapunthwa. Mawa lake linali tsiku la chimanga cha Rute, ndipo ndime yake inabwera yokha. Sindinadikirenso kufunsidwa. Ndinkayenda m'masiku a ku Lungwena limodzi ndi limodzi, tsiku lililonse likundipatsa ndime yake. A Mbewe anang'amba katoni n'kuyamba kulemba, akundikwezera dzanja kuti ndichepetse liwiro. Mayi wina amene mwamuna wake anatsalira m'njira anafunditsa nkhope m'chitenje. Nditakhala pansi, amayi sanandiyamikire. Anangondichotsa kachitsotso m'tsitsi, dzanja lawo n'kukhalitsa pamutu panga.

Yohane anachira, ndipo kwa nthawi yaitali sanamvetse kuti zinatheka bwanji kuti ine ndikumbukire ndime zonsezo. Bambo anatipeza patapita zaka, ataonda, mano ena palibe. Za kundende sankanena. Ankakhala panja pa msasa kuyang'ana Rute, amene ankawathawa chifukwa sankawadziwa. Tsiku lina masana, ndikusenda chinangwa pafupi nawo, anandifunsa kuti tinkakhala bwanji iwo kulibe. Sindinadziwe poyambira, ndiye ndinayambira pa ndime yoyamba imene ndinakopera ku Lungwena. Ulendo uno zinayenda chobwerera: ndime iliyonse inkandipatsa tsiku lake. Tinatha masana ambiri tikutero, ine ndikunena ndime, kenako zimene zinachitika m'munsi mwake, mpaka bambo anadziwa chaka chonse cha ku Lungwena chimene sanachione. Kuseka kwawo koyamba chibwerereni ndinakumva titafika pa tsiku la chimanga chija, ndipo Rute atakumva anasendera pafupi n'kuyamba kutsutsa kuti chimangacho sanachiike dala.

Tinabwerera kwathu zinthu zitasintha, ine ndili kale ndi ana anga. Kusukulu sindinabwererenso. Ndinapita ku Lungwena kukathokoza Abiti Saidi, koma ndinapeza manda. Masiku ano palibe amene amafunsa khadi pachipata cha msika, ndipo zidzukulu zanga zili ndi Baibulo lonse mu foni, limodzi ndi nyimbo ndi mpira. Ndikawauza kuti aloweze ndime amandifunsa mwaulemu kuti alowezerenji chinthu chimene chili m'thumba mwawo. Ndimafuna kuwayankha kuti zam'thumba zimalandidwa, koma ndimadziletsa. Ife tinaloweza chifukwa tinkamvetsera belu la njinga kumsewu, ndipo iwo belu likalira amathamangira kukaona ngati kwabwera mandasi. Ndimawasiya athamange.