Mmene Azakhali Anachotsera Mwana Wawo m'Gulupu

Azakhali anga ndi telala. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ambiri mwa anthu amene akuwanena masiku ano sanafikepo m'kachipinda kamene amasokeramo, ndipo akamalemba za iwo amakhala ngati akunena bwana wina wa mu ofesi ya makapeti. Kachipindako kali kuseri kwa sitolo yogulitsa utoto ndi misomali. Muli makina awiri, ena opalasa ndi phazi amene anawasiyira malemu amuna awo, ena amagetsi amene amagwira ntchito magetsiwo akakhalapo. Mulinso tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi benchi yodikirirapo makasitomala. Ntchito yawo yaikulu ndi mayunifolomu a ana asukulu. Foni yawo, imene galasi lake linasweka pakona, imakhala yotsamira pa chitini cha mabatani. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ina mumsewu womwewo, ndipo masana ndimakonda kukapumira pabenchi ija, n'chifukwa chake zina mwa zimene ndilembe pano ndinaziona ndi maso. Zimene ndinangomva ndiyesetsa kunena kuti ndinangomva.

Anakhala amasiye akadali ndi mphamvu, ndipo analera anyamata awiri: wawo wobereka, ndi wa mng'ono wawo amene anamwalira mwanayo asanayambe sukulu. Awiriwa anakula akufunda bulangete limodzi ndi kulandana nsapato. Wawo uja anadzakhala mphunzitsi wa sayansi pasukulu ya mpingo wathu. Ana asukulu anamupatsa dzina loti Chigaza chifukwa amayenda ndi chigaza chapulasitiki m'chikwama, ndipo dzinalo linamukakamira moti ngakhale amayi ake amalitchula akapsa mtima. Winayo anapita kudziko la azungu kumene amasamalira nkhalamba m'nyumba yosungiramo okalamba. Ameneyu timamutcha Wakunja.

Gulupu ya mpingo ya pafoni inatsegulidwa kuti tizidziwitsana za maliro, za odwala, ndi za amene ali pa ntchito yosesa tchalitchi. Adimini woyamba, mnyamata wina wa kwaya, anatula pansi udindo atatukwanidwa pa nkhani ya mtundu wa makatani. Mkulu wa mpingo ananena kuti udindowo upite kwa azakhali, popeza ndi munthu wosachuluka mawu, komanso amakhala pansi tsiku lonse. Iwo sanafunsidwe. Anangoona kuti pambali pa dzina lawo pabwera kamawu kena.

Anadziikira okha lamulo limene palibe anawauza. Munthu akalemba zonyoza kapena zabodza, sankafufuta. Ankaimitsa makina, kumuimbira, kumupatsa moni, kufunsa za ana ndi za mwendo uja unkawawa, kenako n'kumupempha kuti afufute yekha. Ankati adimini akafufuta pamatsala chipsera choonekera kwa aliyense chosonyeza kuti uyu wamutseka pakamwa, koma munthu akafufuta yekha amatsala ndi ulemu wake. Ambiri ankamvera. Ena ankawagwira pafoni mpaka simbi kuzizira, kuwafotokozera mavuto a m'banja amene sankakhudzana n'komwe ndi zimene alembazo. Mayi wina amene ankatsatsa madzi ochiza shuga, khunyu ndi ulova anawaimbira mpaka anazolowerana, moti pano amasoketsa kwa iwo. Azakhali ankadandaula kuti anthu amenewa Lamlungu amaimba ngati angelo koma pafoni pakamwa pawo pali ngati pa depoti ya basi. Ngakhale ankatero, ntchitoyo ankaigwira.

Nkhani imene yachititsa kuti ndilembe inayamba ndi chithunzi. Bambo wina anajambula tsamba la m'kope la mwana wake, pamene panali zilombo zondondozana, kuyambira nyani woyenda chokwawa mpaka munthu woimirira, n'kufunsa ngati zimenezi ndi zimene ana akuphunzira pasukulu ya Mulungu. Chigaza anayankha mwaulemu, ndiyenera kunena zimenezo. Anati mutuwo uli mu silabasi ndipo umabwera pamayeso, kuti palibe wasayansi amene amanena kuti munthu anabadwa kwa nyani, koma kuti awiriwa ali ndi kholo limodzi lakale kwambiri, ndiponso kuti chithunzicho mwanayo anachikopera kwina, si iye anachijambula pabolodi. Mkulu wa mpingo anayankha ndi mavesi. Mpaka pamenepo unali mkangano wakale umene tonse tinauzolowera, ndipo ukanatha ndi wina wolemba kuti ameni.

Koma Wakunja anatumiza voyisi yaitali. Anayamba mwakachetechete, ngati munthu woyankhulira m'khonde la kuntchito. Anafotokoza za ana amene anamulirira ngati anyani m'basi makolo awo akuyang'ana kumbali, ndi za nkhalamba ina imene inakana kuti aisambitse, n'kumutchula dzina la chilombo chomwecho pamaso pa anamwino. Anatiuza kuti tichiyang'anenso chithunzicho, tione kuti chimayamba chakuda n'kuthera poyera. Anati akatswiri akale ankayeza zigaza za anthu akuda ndi tepi kuti atsimikize kuti ndife otsalira. Kenako mawu ake anakwera, nati chimene chikumuwawa n'choti mbale wake weniweni akuyenda ndi chigaza m'chikwama, kumaphunzitsa ana akuda nzeru za anthu amene amatiyesa nyama.

Chigaza anayankha ngati mphunzitsi, zomwe mwina sizinali zofunika tsiku limenelo. Anati sayansi yomweyo ndi imene inadzakwirira mabodza a oyeza zigaza aja, ndipo imati anthu onse, azungu omwe, makolo awo akale anali akhungu lakuda. Akanalekera pomwepo. Koma anawonjezera kuti ngati tikutaya chilichonse chimene azungu anatizunza nacho, tisaiwale kuti buku limene akulu a mpingo akutiwerengera linabweranso m'sitima zomwezo, ndipo ena ankalitsegula posonyeza kuti khungu lakuda ndi temberero.

Uthenga umenewu ndauwerenga kangapo ndisanalembe izi, poopa kunamizira munthu. Sanatukwane Mulungu, ndipo sananene kuti bukulo ndi labodza. Koma ndikuvomereza kuti munthu wowerenga ali wokwiya angamve choncho, ndipo ambiri anali okwiya kale.

Foni ya azakhali inayamba kunjenjemera pa chitini paja mpaka mabatani kumalira. Ena ankati adimini afufute msanga, ana akuwerenga. Ena ankati asayerekeze, munthu wakuda watsekedwa pakamwa kokwanira. Bambo wina anafunsa kuti ngati anthu anachokera kwa nyani, bwanji apongozi ake okha ndiwo akuonetsa zizindikiro, ndipo pamenepo panayambikanso mkangano wina. Mayi wina analengeza kuti akutuluka m'gulupu, anatulukadi, madzulo n'kupempha kuti amubwezeremo. Pakati pa zonsezi wina analemba uthenga wa maliro a gogo wina wa mumpingo, koma unakwiririka, moti ambiri tinamva mwambo utachitika kale. Azakhali chimenechi chinawapweteka kuposa zonse. Anasoka kolala mozondoka tsiku limenelo, n'kukhala akusomola ulusi ndi lezala.

Anachita monga mwa lamulo lawo. Anayamba ndi Wakunja. Ine sindinalipo, koma anandiuza kuti mnyamatayo analira pafoni, nati amayi aakulu sangamvetse chifukwa sanakhalepo munthu wakuda yekhayekha m'basi yodzaza. Kufufuta anakana. Kenako anaimbira Chigaza nthawi yopuma kusukulu. Iye anati akafufuta, makolo adzauza ana awo kuti aphunzitsi avomera kuti ananama, ndiye adzaima bwanji kutsogolo kwa kalasi. Anawafotokozera mfundo ndi mfundo mpaka belu linalira. Azakhali anati anamva zonse, ndipo sanapeze poti amutsutse.

Masiku otsatira mkangano sunazime. Chigaza ankayankha aliyense, mmodzimmodzi, ngati akuchonga makope.

Tsiku lina masana, ine ndili pabenchi, mkulu wa mpingo analowa ndi buluku loti alifupikitse. Ndiyenera kufotokoza kuti bamboyu ndi amenenso ali wapampando wa komiti ya sukulu imene Chigaza amaphunzitsa. Si munthu wankhanza. Ndi amene anayendetsa maliro a amuna a azakhali, ndipo anyamata onse awiri anawaona akukula. Azakhali anagwada pansi kuyeza mwendo wa buluku, mapini ali kukamwa, ndipo iye anayankhula akuyang'ana kukhoma. Anati makolo ena asindikiza mauthengawo pamapepala, ndipo komiti ikumana. Zimene zalembedwa kale angathe kuzitcha mkangano wa pachibale, anthu n'kuziiwala. Koma mnyamatayo akawonjezera china, iye sadzakhalanso ndi mawu omuikira kumbuyo.

"Mayi, mutsekeni pakamwa inu nokha," anatero, "tisanamutsekere chitseko ife."

Azakhali analavulira mapini m'dzanja n'kumuuza kuti bulukulo adzalitenge mawa.

Atatuluka, anatenga foni. Ndinali pafupi, ndipo ndinaona pamwamba pa gulupu pakuonetsa kuti Chigaza akulemba. Pankazima, n'kuyambanso. Amayi ake amamudziwa: akamalemba nthawi yaitali chonchi ndiye kuti akusula chinthu chakuthwa. Ndinaganiza kuti amuimbira. Anayang'ana nambala yake, sanaimbe. Anayamba kufufuza pamene amachotsera munthu, chifukwa chikhalire adimini anali asanachotsepo aliyense. Nditasendera, anandiuza kuti ndisawathandize. Anapapeza okha. Chala chawo, chimene chili ndi chikanga cha singano, chinaima pang'ono pamwamba pa galasi, kenako chinatsika.

M'gulupu munatuluka kamzere kakang'ono kodziwitsa aliyense kuti azakhali achotsa mwana wawo.

Mkulu wa mpingo analemba kuthokoza mayi wolimba mtima amene waika Mulungu patsogolo pa magazi ake. Azakhali atawerenga anaigoneka foni chafufumimba. Wakunja analemba kuti iye sanapemphe zimenezo, kuti ankakangana ndi mbale wake osati kufuna kuti aphedwe mawu, ndipo kuti kutseka munthu pakamwa ndi khalidwe lomwelo la anthu amene akuwadandaula. Atatero anatuluka yekha. Mkangano sunathe, unangosintha mwini. Tsopano nkhani inali azakhali. Wina anajambula kamzere kaja n'kukaika pamasamba ena, kumene anthu osawadziwa anayamba kuwaweruza. Ena ankati ndi chitsanzo cha amayi oopa Mulungu, ena ankati ndi chitsanzo cha mmene chipembedzo chimapushitsira anthu akuda. Ine ndinasiya kuwawerengera, koma makasitomala ankabwera nazo pamodzi ndi nsalu.

Komiti inakumana, ndipo Chigaza sanachotsedwe ntchito. Ndinamva kuti anangomulangiza kuti mutu uja aziuphunzitsa mwachidule. Kale ankadutsira kwa amayi ake akaweruka, koma anasiya. Kutchalitchi ankawapatsa moni wa dzanja ngati mmene amapatsira mayi wina aliyense. Azakhali anayesa kutula udindo, koma aliyense amene anamupempha anali ndi chifukwa: wina maso, wina foni yosasunga moto, wina anangoseka.

Patapita masabata angapo, Chigaza anabwera. Anakhala kumapeto kwa benchi, choko chili m'manja mwa malaya, chikwama pamiyendo. Anandipatsa moni, n'kufunsa za bambo anga. Amayi ake sanaimitse makina mpaka anamaliza mpendero wa siketi.

"Amayi, aliyense mumamuimbira," anatero. "Ngakhale mayi wa madzi uja. Koma tsiku limene munandichotsa lija, ine simunandiimbire."

"Ndikanakuimbira ukanandigonjetsa," anayankha azakhali. "Umandigonjetsa nthawi zonse."

Anawafunsa ngati akuganiza kuti zimene analemba zinali zabodza. Iwo anati za zigaza sadziwa, ndipo pa msinkhu wawo sayamba lero kuzidziwa. Mwina iye akunena zoona, mwina mbale wake akunenanso zoona, mwina onse. Chimene iwo akudziwa n'choti mkazi wa Chigazayo ndi woyembekezera, ndipo sukulu zolemba aphunzitsi a sayansi si zambiri. Chigaza anati ntchito imene munthu amaigwira atamangidwa pakamwa ndi theka la ntchito. Azakhali anati thekalo ndi limene limagula matewera. Ananena mopanda ukali, ngati munthu amene wanena kale mawuwo kambirimbiri ali yekha.

Kusitolo kuja wina ankatsitsa zitini za utoto.

"Mundibwezeramo?" anafunsa.

"Ayi, bambo. Komiti ikasaina za ntchito yako ya chaka chamawa, udzandifunsenso."

Chigaza anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sindinathe kudziwa ngati kunali kuvomera. Azakhali anamufunsa ngati angamwe tiyi, iye anati wakhuta. Mayi wina analowa ndi ana awiri oti ayezedwe, ndipo popeza benchiyo ndi yaifupi, Chigaza anaimirira kuwapatsa malo. Anaima pakhomo kanthawi, kenako anatsanzika kuti ali ndi makope oti achonge. Azakhali anamuuza kuti apereke moni kunyumba, anatenga tepi, n'kuuza mwana woyambayo kuti atambasule manja.