Nambala ya M'munsi mwa Paketi

Amayi a pa Geti, monga ankawatchulira ana asukulu, anali pa benchi ya kuchipatala, mwana wawo wamkazi atawagonera pamiyendo. Thupi lonse la mwanayo linali zidzolo, kupuma kwake kobanika. Dokotala atafunsa zimene mwanayo amakonda kudya, mayiwo anazyolika. Chakudyacho chinali cha pa tebulo lawo lomwe: tizakudya tofiira ta m'mapaketi timene ankagulitsa pa geti la sukulu chimwalirireni amuna awo. Dokotala anati thupi la mwanayo likudana ndi utoto wa m'menemo, ndipo akapitiriza kudya, tsiku lina adzafika naye mochedwa.

Anasiya kugulitsa timapaketito, geni n'kugweratu. Nthochi ndi mtedza zimene anayamba kugulitsa ana ankangoziyang'ana n'kudutsa, ulendo ku tebulo loyandikana nalo. Choopsa kwambiri chinali chakuti mwana uja ankalandirabe kwa anzake mobisa. Mungamuletse bwanji mwana chinthu chimene kalasi yonse ikunyambita zala?

Mayiwa sukulu sanapite nayo patali, koma mantha analibe. Kuseri kwa paketi kunali nambala ya foni ya kampani, ndipo anayamba kuimba. Ankawaikira nyimbo mpaka mayunitsi kutha. Akayankhidwa, ankauzidwa mwaulemu kuti dandaulo lamveka, basi kenako zii. Alamu awo ankawaseka kuti akungonenepetsa eni mafoni, kampani yonse ija singamvere munthu wa tebulo la miyendo yopendama. Iwo ankaseka nawo, mawa lake n'kuimbanso.

Tsiku lina mtsikana woyankha mafoni ku kampaniko anatsitsa mawu.

"Amayi, mawu anu ndawazolowera, ndiye ndikuuzeni zoona. Kuno dandaulo lopanda nambala ija yodindidwa m'munsi mwa paketi sililowa mu kompyuta. Mafoni anu onse aja sanafike kwa aliyense."

Zinawapweteka koopsa. Miyezi yonse ija ankayankhula ndi khoma! Komabe anamuthokoza mtsikanayo, n'kumufunsa modekha malo enieni pamene nambalayo imakhala.

Kuyambira pamenepo ankalawirira pa geti ndi thumba, kutola mapaketi otha amene ana ankataya. Ena ankanong'onezana kuti umphawi wawazunguza mutu. Iwo analibe nazo ntchito. Kholo lililonse lodandaula za zidzolo kapena chifuwa cha mwana ankalipatsa paketi, kulilozera nambala, n'kulibwereka foni yawo yosweka galasi. Makolo a sukulu zina anamva, nawonso anayamba kuimba, mpaka ku makampani ena omwe.

M'mawa wina galimoto ya kampani inaima pa geti. Munatsika mkulu woona za ubwino wa katundu, amene anakhala pa kreti n'kumvetsera mpaka belu lowerukira. Sanalonjeze zambiri, ndipo panapita nthawi ndithu. Koma mapaketi atsopano atafika, tizakudya tija tinali totuwa, utoto uja mulibe, mcherenso atachepetsa. Ana anayamba anyinyirika kuti sitikuoneka bwino, koma pakamwa sipanachedwe kuzolowera.

Lero mayiwa ali ndi golosale yawoyawo, ndipo makolo amachoka kutali kudzagula kwa iwo, chifukwa palibe paketi imakwera pa shelefu asanaitembenuze n'kuwerenga kuseri. Alamu aja ndi amene amathandiza kutsitsa katundu, nthabwala zija anaziiwala. Mwana wawo wakula, amadya limodzi ndi anzake pa nthawi yopuma, ndipo mayi ake saimanso pakhomo mtima uli m'mwamba kudikira uthenga wa kusukulu.

Ine ndimawagomera mayi amenewa. Analibe digiri, analibe wachibale wa pa udindo, koma sanalole kuti kusayankhidwa kuwatseke pakamwa. Inunso amene mwakhala mukudandaula popanda wokumverani, musafulumire kunena kuti ndinu wochepa. Funsani chimene chikusoweka kuti mawu anu afike, mukachipeza muimbenso. Mtima wokhawo musautaye.